Magazi akuthamanga kale, ine ndithamangirenjinso?

Aphungu,

Ndakhala ndikuwerenga malangizo anu kwa zaka zambiri, ndipo ndimaseka anzanga akamadandaula za amuna awo ndi apongozi awo. Lero wabwera ndine, koma vuto langa si la banja. Amuna anga alibe mlandu, kupatula woti amadya kuposa ine koma thupi lawo likadali ngati singano.

Ndine mayi wa zaka 46, ntchito yanga ndi yautelala. Kashopu kanga n'kakang'ono, moti ndikakhala pampando chilichonse ndimachifikira ndi dzanja: sizasi kumanja, ulusi kumanzere, simbi kumbuyo. Ndinakakonza choncho dala, ndipo ndinkanyadira nzeru zangazo. Kale ndinali ndi makina opalasa ndi mapazi, koma zaka zisanu zapitazo amuna anga anandiikira mota, ndiye pano chimene chimagwira ntchito kumunsi kuno ndi chala chachikulu chakuphazi basi. M'mawa basi imanditenga pafupi ndi pakhomo n'kukanditsitsa pafupi ndi shopu, madzulo chimodzimodzi.

Miyezi itatu yapitayo ndinapita kuchipatala mutu ukundiwawa chakumbuyoku. Anesi anandimanga chofinya chija pamkono, kuyang'ana manambala, kundiyang'ana ine, n'kuyezanso kachiwiri. Kenako anati, "Mayi, magazi anu akuthamanga kwambiri. Muyambe kumwa mankhwala awa, muchepetse mchere, ndipo muzichita masewera olimbitsa thupi. Muzithamangako." Ine ndinati, "Anesi, magazi akuthamanga kale, ine ndithamangirenjinso? Tikathamanga tonse awiri, pashopu patsala ndani?" Sanaseke. Anangondifunsa ngati kwathu alipo amene anadwalapo matendawa.

Alipo. Mayi anga anagwa ali ndi zaka 53, akuyanika zovala, ndipo mbali imodzi ya thupi inafa. Ndinawasamalira zaka zinayi, kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi supuni, iwo akulira ndi manyazi. Ndili ndi ana aakazi awiri, ndipo sindifuna kuti adzanditembenuze choncho. Ndiye musanditenge ngati wamwano. Ndayesa, Aphungu, ndayesadi.

Woyamba kudzipereka anali mlamu wanga, mlongo wa amuna anga, amene amaphunzitsa zamasewera kusukulu. Munthu ameneyu sayenda, amachita kudumpha. Anafika pakhomo dzuwa likungotuluka, wezulo ali m'khosi, amvekere, "Alamu, lero tingoyamba ndi makilomita awiri okha." Ndinayamba bwino. Pholo loyamba la magetsi ndinalidutsa ndikumwetulira. Pa pholo lachiwiri, mtima unayamba kugundira m'makutu. Tsoka lake, mumsewu wathu aliyense amandidziwa. Mayi wa nyumba yachitatu atandiona ndili wefuwefu, anatuluka ndi ndowa ya madzi akukuwa, "Moto uli kuti?" Bambo wokonza nsapato anatola chikuni n'kuyamba kuthamanga kumbuyo kwanga akufunsa, "Walowera kuti wakubayo?" Pofika pa pholo lachinayi tinalipo anthu asanu ndi awiri ndi galu mmodzi. Nditawafotokozera, uku ndikupumira m'mwamba, kuti ndi masewera chabe, mayi wa ndowa uja anati, "Ndiye muzitichenjeza kaye. Ifetu timadziwa kuti inu mukathamanga ndiye kuti kwagwa zazikulu." Madzi a m'ndowa aja anathera pamutu panga, ndipo ndinathokoza.

Mlamu sanagwe mphwayi. Sabata yotsatira ananditengera ku jimu. Aphungu, amene anaganiza zoika magalasi m'makoma onse anayi a chipinda chimenecho, Mulungu amukhululukire. Ndinaona mbali za thupi langa zimene ndinali ndisanakumanepo nazo chibadwire. Wotiphunzitsa anali bambo wa minofu ngati matumba a simenti, koma wosadziwa kuwerenga. Amati, "Tinyonyomale kakhumi!" Akafika pa eyiti, amvekere, "Eyiti! Eyiti! Eyitinso!" Ine ntchito yanga ndi ya manambala, tepi ikati eyiti chotsatira ndi naini. Nditamukumbutsa, anati, "Amayi, ululu ndi mnzanu." Anzanga ndimawadziwa onse mayina awo, ululu mulibemo.

Pa eyiti wachinayi m'pamene zinandionekera. Buluku lamasewera ndinali nditasoka ndekha, ndipo poyeza m'chiuno ndinadzikomera mtima n'kuchotsako mainchesi awiri, ndimvekere ndichepa posachedwa. Nditanyonyomala, kunamveka ng'ambu! kuyambira m'chiuno kutsika. Magalasi aja anaonetsetsa kuti pasakhale womanidwa. Choipitsitsa, kumbuyo kwanga kunali makasitomala anga awiri. Wina ananong'oneza mnzake, koma ndinamva: "Ulusi wake ndi womwewu umene amatisokera ife?" Ndinatuluka cham'mbuyo, thaulo lili m'chiuno, ndipo sindinapondekonso.

Ndinati basi, ndizichitira kunyumba kopanda mboni. Mwana wanga wamkulu anandiikira pafoni kanema wa mtsikana wina wophunzitsa kudumphadumpha. Ndinamuonera bwinobwino mpaka kumapeto, nditakhala pasofa ndi kapu ya tiyi. Mtsikanayo ndi wakhama, anatuluka thukuta zedi. Chingwe ndinadumphapo kamodzi, pabalaza: babu linasweka, chithunzi cha ukwati wathu chinagwa, ndipo amuna anga anatuluka m'bafa sopo ali kumaso akufunsa ngati nanenso ndachimva chivomezicho.

Ngakhale kuyenda wamba kwandichititsa manyazi. Lachiwiri lapitali nditaima pakhomo pa shopu ndikuwongola msana, panadutsa mayi wina atavala diresi lobiriwira. Aphungu, zaka makumi awiri ndikusoka, sindinaonepo kolala yodulidwa choncho: kutsogolo yaima njo, kumbuyo yagona ngati tsamba, msoko wake wosaoneka kumene walowera. Ndinati ndingoyandikira pang'ono ndione. Koma mayiyo anali woyenda ndawala. Ndinamutsatira kudutsa msika, kuwoloka pamlatho, kukwera chitunda chonse chimene ngakhale basi imalira pokwera, maso anga ali pakhosi pake, tepi ili pakhosi panga. Pafupi ndi positi ofesi anaima, kutembenuka, manja m'chiuno: "Mayi, mwanditsatira kuchokera kumsika. Ngati ndi nkhani ya amuna anu, ine sindikuwadziwa, ndipo sindikuwafuna." Ndinati, "Pepani, amuna anga ali kuntchito. Ine ndikufuna kolala." Anaseka mpaka kugwira mpanda. Anandilola kuitembenuza kolalayo pamsewu pomwepo, ine n'kuijambula ndi cholembera pachikhatho. Pobwerera ndinayendanso wapansi, dzanja lili m'mwamba ngati wolumbira, poopa kuti m'basi mothithikana chojambulacho chingafufutike. Nditafika ndinapeza kuti shopu ndinaisiya yosatseka, ndipo padutsa ola limodzi ndi theka.

Tsiku limenelo ndinagona tulo tofa nato, ndipo m'mawa mwake mutu unali wopepuka. Nditamufunsa mlamu ngati ulendo umenewu n'kuwerengedwa, anati, "Alamu, amenewo si masewera, ndi miseche ya miyendo. Masewera enieni amapweteka."

Ndiye ndithandizeni. Kodi liripo piritsi loti munthu n'kumwa m'malo mwa masewera? Kapena ndinangobadwa waulesi? Kumapeto kwa mwezi uno ndikuyenera kubwerera kwa anesi aja, ndipo ndikuopa maso awo. Koma maso awo ndi nkhani yaing'ono. Masiku ano ndikamayanika zovala ndimakumbukira mmene mayi anga anagwera.

Ine wanu,
T. G., telala wa kuseri kwa msika

*

Mayi telala,

Ndiyambe ndi funso losavuta: piritsi lotero kulibe. Likanakhalapo, woyamba pamzere ndikanakhala ine.

Ulesi mulibe. Munthu waulesi sakwera chitunda chifukwa cha kolala. Vuto lanu n'lakuti mwakhala mukuvala masewera a eni, oyezedwa pathupi la mlamu wanu. Zimene zimachitika munthu akaumiriza chovala chosamukwana mukuzidziwa kuposa ine, munazimva ndi makutu anu ku jimu kuja.

Mlamu wanu amakukondani, koma apa waphonya. Mtima sumva wezulo, ndipo sudziwa ngati mwavala buluku lamasewera kapena siketi. Umangodziwa kuti miyendo ikuyenda ndawala ndipo kupuma kwakwera pang'ono. Ola ndi theka lija anali masewera enieni, ndipo pa zonse mwayesazi ndi okhawo amene simunawerenge mapholo. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Inu yendani.

Kwa anesi mupite, musazembe. Maso awo sanaphepo munthu. Auzeni zonse monga mwandiuzira ine, ndipo muwafunse kuti malinga ndi mmene magazi anu alili, muziyenda mtunda wotani komanso mwachangu bwanji. Kawirikawiri azaumoyo amanena theka la ola patsiku, masiku asanu pasabata, ndipo mutha kuliduladula ngati nsalu: mphindi khumi m'mawa, khumi masana, khumi madzulo. Liwiro loyenera ndi loti kulankhula mukutha koma kuimba kukukukanikani. Yambani pang'ono, muziwonjezera sabata ndi sabata.

M'mawa muzitsika basi kutatsala siteji imodzi. Zovala za makasitomala apafupi zikatha, kaperekeni nokha wapansi, adzati ndinu telala waulemu. Ulusi ndi mazipi muzikagula kushopu yakutali, osati yoyandikana nayo. Ndipo kashopu kanu kanzeru kaja mukasokoneze: simbi ipite pakona, sizasi ipachikidwe pamsomali woti simungaufikire musanaimirire. Sabata yoyamba mudzanditukwanira mumtima. Palibe kanthu, ndinazolowera.

Kenako pezani kabuku kolowa m'thumba. Kawiri kapena katatu pasabata, nthawi imene anthu akuweruka m'maofesi, tsekani shopu. Ndati tsekani, ndi loko. Valani nsapato zafulati, tengani botolo la madzi, mupite kumene anthu otchena amadutsa. Lamulo likhale lakuti simubwerera musanajambule zinthu zitatu, kaya ndi mkono, kaya mpendero, kaya thumba losokedwa mwachilendo. Mukatero inu muzidziwa kuti muli pantchito, mtima wanu uzidziwa kuti uli pamasewera, ndipo nonse awiri mukhala okondwa.

Mlamu musamutaye. Munthu amene amakudzukirani m'mamawa ndi wosowa. Muuzeni kuti Loweruka aziyenda nanu, koma wezulo azisiya kunyumba ndipo wotsogolera mukhale inu. Bambo akunyumba aja nawonso muwakoke. Kuonda si satifiketi ya umoyo, akayezetse, angadzadabwe.

Tsopano za mayi anu. Zaka zinayi zija munachita chinthu chachikulu, ndipo mantha amene zinakusiyirani ndi omveka. Sindingakulonjezeni kuti simudzadwala, palibe munthu angalonjeze zimenezo. Koma inu mwadziwa msanga, mankhwala ali m'manja mwanu, ndipo miyendo yonse iwiri ikugwira ntchito. Manthawo musakhale nawo pampando, tulukani nawo panja. Ana anu muwauzenso za matendawa momasuka, kuti nawonso akamakula azikayezetsa.

Ndimalize ndi chenjezo. Kuyenda sikulowa m'malo mwa mankhwala. Musasiye kumwa chifukwa choti mutu waleka kuwawa, matenda amenewa sagogoda polowa. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire, kubanika kwachilendo kapena dzanzi mbali imodzi ya thupi, imani pomwepo, itanani anthu akutengereni kuchipatala nthawi yomweyo. Komanso musamatsatire anthu mwakachetechete. Mayi wa diresi lobiriwira anali woseka, wina adzakhala wa ambulera ndi dzanja lofulumira. Perekani moni kaye, nenani kuti ndinu telala, pemphani kuona. Akakana, thokozani n'kupitiriza ulendo wanu.

Ndipo diresi likakwera basi, mayi, lisiyeni lipite.

Aphungu