Usawapatse Matumbo Ako, Domingas

Milange,
Novembala 1988

Wokondedwa mng'ono wanga Domingas,

Ndiyambe ndi kukufunsa moyo, ngakhale kalata yako inandiuza kale kuti suli bwino. Wadzuka bwanji kumeneko ku Lisboa? M'mimbamo mwalekako? Nanga mawondo akukulola kutsika masitepe aja? Kuno tilipo. Amayi ndi msana wawo womwe uja, achimwene a Januário ndi alamu ali bwino. Za mwana wanga Inês ndikuuza kutsogoloku, chifukwa nkhani yake yalowana ndi yako.

Tinabwerera kuno ku vila, tawuni yathu ya Milange, mwezi wa Ogasiti, titatopa ndi moyo wa kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Nyumba tinaipeza yopanda malata, zitseko ndi mafelemu omwe anazula. Achimwene anafolera chipinda chimodzi ndi udzu, ndimo tikugona ine, amayi ndi Inês. Minda ya tiyi imene unkathyola uli mtsikana, usanapite ndi azungu ako aja, yasanduka tchire, tiyi wake watalika kuposa munthu. Kumunda kwathu ku Mongue sitinafikeko, njira sinayere. Bambo a Inês, chiwatengere anthu amfuti kuti akawasenzere katundu, sitinamve kanthu.

Kalata yako inabwera ndi apadiri, pamodzi ndi chithunzi. Ndibwereze zimene unalemba kuti uone ngati ndinamva bwino, poti Chinyanja chako chayamba kusakanikira ndi Chipwitikizi kuposa chathu.

Ukuti zilonda za m'matumbo zija zimene zinakuyamba utangofika kumeneko sizinapole. Zimaleka miyezi ingapo, kenako n'kuyambanso, magazi ndi kutsegula komwe. Ukuti mapiritsi amene amakupatsa amaziziritsa zilondazo koma akunenepetsa mpaka sungathe kuwerama kuti umange nsapato, ukagona chagada mpweya umabanika, ndipo tsopano akupeza ndi shuga. Madokotala akuti thupi likapanda kutsika, mtima sudzapirira. Ndiye akuikira njira ziwiri za opaleshoni. Ina n'kufupikitsa njira ya m'matumbo kuti chakudya chizingodutsa osakhalitsa m'thupi. Ina n'kusoka chifu kuti chichepe, uzikhuta ndi pang'ono. Iwe mtima wako uli pa yoyambayo, chifukwa akuti imatsitsa thupi msanga ndipo watopa. Koma ukuti sulowa ku mpeni amayi ndi ine tisananene mawu.

Mng'ono wanga, sindikubisira. Nditawerenga ndinapsa mtima.

Tsiku limenelo tinali titadya mango osapsa ophika ndi masamba a chinangwa opanda mchere. Ndinayang'ana chithunzi chako, mikono ngati mitondo, ndinayang'ana mikono yanga, ndipo ndinati mumtima, koma dziko ili! Wina akufuna amudule mimba chifukwa yakula, ife tikumanga mimba ndi chitenje kuti isalire. Ndinapinda kalatayo n'kuisomeka kudenga. N'chifukwa chake yankho lachedwa chonchi.

Amayi ndinangowapatsa chithunzi, za m'kalata sindinawauze. Iwe, unakawaona! Anachimanga pansonga ya nsalu n'kumayenda nacho paliponse, kutchalitchi, kumjigo, pamzere wolandirira ufa. Aliyense amene wakumana nawo ankamuonetsa, amvekere taonani mwana wanga Domingas, wanenepa ngati mkazi wa administradori, bwana wa boma uja. Ankati mwa ana awo onse, mmodzi yekha ndiye Mulungu anamuchotsa pamoto. Chiyambire nkhondo sindinawaone akuseka chotero, ndiye pakamwa panga panalemera.

Achimwene ndinawawerengera kalata yonse kuseri kwa nyumba. Anapukusa mutu n'kunena kuti amenewo ndi matenda a kukhuta. Anati munthu woyenda ndi miyendo yake sapita yekha ku mpeni, ndipo ngati ukufunadi kuonda ungobwera kuno mwezi umodzi, nkhondo idzakuondetsa popanda dokotala. Ine ndinaseka nawo. Mulungu andikhululukire, ndinaseka.

Masiku omwewo Inês anayamba kudzaza thupi. Iwe sunamuonepo, ali ndi zaka zinayi, ndipo chibadwire n'kamwana kowonda. Tinangoona masaya atuluka, mapazi akula, kamimba kali tuu. Amayi anakondwanso, amvekere ufa wolandira uja wayamba kugwira ntchito, mwanayu watengera amayi ake aang'ono a ku Lisboa. Ine ndinkaona kuti sakusewera, amangokhala pamene wamukhazika, tsitsi likufiira, koma ndinkafuna kukhulupirira za amayizo.

Tsiku lina pamzere wa ufa panabwera namwino woyeza ana. Anamuyang'ana Inês, n'kumudina ndi chala chachikulu pamwamba pa phazi. Atachotsa chalacho, panatsala dzenje, osabwerera. Amayi anali pomwepo. Namwinoyo anati uku si kunenepa mayi, ndi madzi, mwanayu akufa ndi njala, muwoloke naye lero lomwe.

Ndinamubereka, kudutsa pa malire ku Muloza, mpaka kuchipatala cha mishoni kutsidyako. Njira yonse ndinkamva kulemera kwake kumsana, kulemera kumene dzulo lake tinkakuyamika. Ndipo ndinkaganiza za iwe. Ndisananyamuke ndinali nditasolola kalata yako kudenga kuja.

Tinakhala m'chipatalamo pafupifupi mwezi. Ankamupatsa mkaka pang'onopang'ono ndi kasupuni, kenako phala. Madzi atayamba kuphwa, m'pamene ndinaona mwana wanga weniweni, mafupa okhaokha. Anamwino anati ndisalire, kuphwako ndiye kuchira.

Dokotala wa kumeneko ndi mayi wachizungu wolankhula Chichewa chothyokathyoka. Tsiku lina atamaliza kuona ana, ndinalimba mtima n'kumutsatira pakhonde. Ndinamufotokozera za iwe monga ndafotokozera pamwambapa. Ndinkaopa kuti andiseka, poti m'chipatala monsemo munali anthu a njala okhaokha. Sanaseke. Anakhala pabenchi n'kundifunsa dzina la mapiritsi ako, ndinamuonetsa pamene unalemba, iye anagwedeza mutu. Anati mankhwala amenewo amachitadi zimenezo, amatupitsa nkhope ndi thupi ndipo amapatsa munthu njala yosatha, si kususuka kwako ayi.

Anati iye opaleshoni zoterozo sanapangepo, ndipo sangasankhire munthu amene sanamuone. Koma chimodzi anachinena mosazungulira. Anati munthu amene matumbo ake ali kale ndi zilonda, amene amatsegula kale m'mimba, ayenera kusunga matumbo ake onse ngati mbewu, chifukwa tsiku lina matenda omwewo angafune kuti mbali ina idulidwe, ndiye adzatsala ndi chiyani? Kenako anati ndimutsate, pali munthu amene angandiuze bwino kuposa iye.

Ananditengera ku wodi ya amuna, kwa bambo wina dzina lake a Cipriano, wa ku Majaua. Anawaombera m'mimba chaka chatha akuthawa ndi njinga yawo, ndipo kuti apulumuke madokotala anachotsa matumbo ambiri. Bala linapola kalekale, koma kuchipatala amangobwererabwerera. Domingas, munthu uja ndinamupeza akudya mbale yodzaza mpunga ndi nyemba, koma mikono yake inali ngati bango. Dokotala atawapempha, anandiuza okha, mosachita manyazi. Anati chimene adya m'mawa, dzuwa lisanafike pamutu chatuluka momwe chinalowera. Sangapite kutchalitchi, sangakwere galimoto, kulikonse amayamba ayang'ana kumene kuli chimbudzi. Akuti amadya kuposa anthu awiri koma njala siichoka.

Nditawauza za iwe, anasiya kudya. Anati: "Ine anandilanda ndi chipolopolo, sindinafunsidwe. Mng'ono wanuyo akumufunsa. Mukamuuze kuti asapereke ngakhale kachidutswa kotalika ngati chala ichi."

Ndikudziwa kuti zako sizofanana ndendende ndi za a Cipriano. Dokotala uja anateronso, anati kwa iwe sachotsa, amangodumphitsa. Koma anati ku chakudya n'chimodzimodzi, njira ikafupika, chimathamanga.

Za kusoka chifu anati nayonso si masewera. Udzadya ngati mwana moyo wako wonse, ukawonjezera pang'ono udzasanza, ndipo munthu amene wamwa mapiritsi akowo nthawi yaitali bala lake limachedwa kupola. Anati ngati uchita, uchite nthawi imene zilonda zagona, osati pamene magazi akutuluka. Anatinso dokotala wako wa matumbo ndi dokotala wa mpeniyo akhale pamodzi, iwe uli pomwepo, agwirizane pamaso pako. Usalole kuti wina akuuze zake kuchipinda ichi, wina zake kuchipinda icho.

Titabwerera kunyumba ndi Inês, ndinawauza amayi zonse. Tinali pakhomo tikusenda chinangwa choti tiyanike makaka. Sanandilole n'komwe kumaliza. Anaponya mpeni pansi n'kunena kuti ndikunama. Anati ndachita nsanje poti mng'ono wanga akudya ine ndikugona ndi njala, ndiye ndikufuna ndimuipitsire mbiri. Mawu amenewo anandilasa, chifukwa theka lake linali loona, kungoti nsanjeyo inali itatha kale pamene ankanena.

Anakhala osandilankhula. Chakudya ankalandira atayang'ana kumbali. Chithunzi anasiya kuyenda nacho.

Lamulungu lapitali titachoka ku Misa ndinawapeza atakhala kuseri kwa nyumba, chithunzi chili pamwendo. Sanandione. Ankadina ndi chala chachikulu patsaya lako, n'kuchotsa, n'kuyang'anitsitsa, n'kudinanso, monga anachitira namwino uja paphazi la Inês. Atatembenuka anati: "Ndakhala ndikuonetsa anthu matenda a mwana wanga, ine n'kumaseka." Kenako anati ndiwawerengere kalata yonse, osadumpha kanthu.

Ndinawerenga. Pamene unalemba kuti m'basi anthu amakuyang'ana ndipo mpando wa pambali pako umatsala wopanda munthu, amayi anadziphimba kumaso ndi nsalu. Pamene unalemba kuti umachita manyazi kutiuza zimenezi ife tili pa njala, anati ndibwereze, ndinabwereza. Anafunsa za a Cipriano, anafunsa za chifu, anafunsa ngati munthu wosokedwa chifu angamwe madzi. Zina ndinayankha, zina ndinati sindikudziwa.

Tsono yankho lathu ndi ili, mng'ono wanga.

Ya matumboyo ayi. Amayi akana, inenso ndakana. Ndikudziwa kuti watopa ndipo ukufuna ya msanga, koma wavutika kale ndi chimbudzi zaka zonsezi, usadziwonjezere. Ndikukupempha ndi mtima wanga wonse, usawapatse matumbo ako.

Ya chifuyo, amayi akuti ngati madokotala awiri aja agwirizana, ndipo iwe mwini mtima wako wavomera, iwo sakuletsa. Akuti ukaona kuti mantha achuluka, kapena zilonda sizinagone, udikire, palibe amene akukuthamangitsa. Ufunsenso ngati palibe mankhwala ena m'malo mwa mapiritsi okutupitsawo. Funsa ngakhale akuyang'ane ngati wovuta.

Achimwene a Januário sanasinthe, ndisakunamize. Akuti mpeni ndi mpeni, ndipo ukafera kumeneko adzakuika ndani. Koma nthabwala ija anasiya, ndipo dzulo ndi iwo amene anakapempha pepala ili kwa apadiri.

Funso lawolo nanenso likundidya. Kuchipatala kutsidya kuja wodwala aliyense anali ndi womudikirira, womutembenuza, womuchapira, womuthamangira kukaitana namwino. Iwe adzakudikirira ndani? Dona wakoyo, mzungu amene umamugwirira ntchito, ukuti wakalamba, ndiwe umamusambitsa. Kodi kutchalitchi kwanu kulibe mayi wa kwathu kuno, ngakhale wa ku Quelimane kapena ku Tete, amene angakhale pambali pa bedi lako? Mufunefune, umugwadire ngati n'kofunika, ndipo utilembere dzina lake kuti tizimutchula m'mapemphero. Usalowe m'chipinda chimenecho wekha.

Inês akuyenda tsopano, ngakhale amagwira khoma. Dokotala anati kutupa kuja kukabwereranso ndisachedwe. Mvula sinayambe ndipo mbewu tilibe, ndiye sindikudziwa kuti chaka chino chitithera bwanji. Usiku wina timamvabe mfuti cha kuphiri. Koma zimenezi usazisenze, wasenza kale zokwanira.

Ukadziwa tsiku la opaleshoni, ulembe msanga kudzera kwa apadiri omwewa, poti makalata amachedwa. Amayi akuti tsiku limenelo sadzapita kumzere wa ufa kapena kwina kulikonse. Adzayala mphasa pakhomo la tchalitchi kuyambira m'mawa, ine ndi Inês tidzakhala nawo, monga amakhalira abale panja pa chipinda cha opaleshoni, mpaka dzuwa litalowa.

Utiperekere moni kwa Dona wako, umuuze kuti akusamale monga wamusamalira iwe. Alamu akupereka moni, amayi aang'ono a ku Muloza nawonso. Ambuye akugwire dzanja, ndipo agwirenso dzanja la amene adzagwire mpeniyo.

Amayi akuti poti sadziwa kulemba, ndisatseke kalatayi asanaikepo chala. Chakudacho pansipa ndi chala chawo, tapaka mwaye wa pa mphika.

Ndine mkulu wako wokukonda,
Laurinda