Mbozi za M'munda mwa Abusa

Champhira,
Mzimba.
9 Febuluwale, 2024.

Okondedwa achimwene Yoram,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko. Kalatayi ndapatsira wa transipota, chifukwa pafoni adada amatchera khutu, ndipo izi si zoti amve.

Chaka chatha ndinkakuuzani kuti tinakolola pang'ono chifukwa cha mvula. Mvula inalibe mlandu. Mbozi za ntchemberezandonda zitalowa m'minda, abusa a Goodluck, aja anamanga tchalitchi chawochawo kuseri kwa chigayo, anatsegula buku la Yoweli. Anati mbozizo ndi gulu lankhondo la Yehova lomwe mneneri analosera za masiku otsiriza, ndipo wopopera mankhwala akuponya nkhonya kumwamba. Adada mukuwadziwa, akagwira chinthu agwira. Botolo lomwe ndinagula analikhuthulira m'chimbudzi, ine ndikuona.

Munda wonse unasanduka nsanza. Njala itafika, mwana wanu Leah anatupa miyendo, tsitsi n'kufiira, mpaka tinakagona naye kuchipatala ku Embangweni. Inu ndinkangokuuzani kuti ndi malungo. Adada, ndi ukalamba wawo uja, ankakalima ganyu kwa abusawo kuti apeze kandowa ka chimanga, poti munda wa abusawo wokha ndiwo unabereka. Ankati mngelo anaudumpha ngati nyumba za Aisraeli ku Ejipito.

Mngeloyo ndinamupeza mwezi watha mumsika wa pa Mzimba boma. A Hemedi, Msilamu wogulitsa mbewu ndi mankhwala a m'munda, atamva kuti ndachokera ku Champhira anandifunsa ngati abusa athu anafika bwino ndi katundu. Akuti chaka chilichonse abusawo amagula mabotolo a mankhwala, n'kupempha kuti awakulungire m'nyuzipepala. Bamboyo ankangocheza, sanadziwe kuti wandiyatsa moto m'chifuwa. Ine Baibulo ndimawerenga, achimwene. Yoweli ankalira dzombe la kwawo, la nthawi yake. Champhira sanamulote n'komwe, ndipo palibe pomwe analemba kuti Leah agone ndi njala.

Sindinalalate. Chaka chino mbozi zabweranso, ndipo m'munda mwa abusa zalowa zambiri zedi, zonenepa bwino. Musandifunse kuti zinayenda bwanji kuchoka m'munda mwathu. Ndingoti chidebe chathu chaching'ono chija sitikutungiranso madzi akumwa.

Lamulungu ndinaimirira m'tchalitchi, nkhope yofatsa ngati mkamwini watsopano. Ndinati popeza gulu lankhondo la Yehova lafika kwa mtumiki wake, si bwino kumusiya yekha. Tiyeni tizipemphera m'mundamo mosinthana, usana ndi usiku, kufikira mngelo atabweranso. Mpingo wonse unavomera ndi nthungululu. Abusa anati ameni, koma mawu anatuluka ngati a munthu wotsamwa ndi mbatata.

Ndiye tilipo. Azimayi masana, azibambo dzuwa likalowa, adada patsogolo ndi buku lawo la nyimbo. Tikamaimba, mbozi zikudya. Masamba abooka ngati sefa, ndipo mabotolo ali phee m'nyumba, mwini wake akulephera kuwatulutsa. Dzana abusawo anandipeza ndekha kumalire a munda, milomo itauma.

“Dyness, mwana wane, ndapota,” anatero monong'ona. “Uwauze anthuwa akapume tsiku limodzi lokha. Atopa chomene.”

“Yewo abusa,” ndinayankha nditagwada, “koma paja munati wothawa pankhondo ya Yehova ndi wotembereredwa. Ife sitisuntha.”

Kunena zoona ndinamva kukoma, ndipo sindikuchita nazo manyazi. Mukandiuza kuti kubwezera n'kwa Mulungu ndikuvomerani, koma inu simunamunyamule Leah kumsana akupepuka ngati mtolo wa udzu. Ndikufuna bambo ameneyu akolole zomwe tinakolola ife. Ndikufuna adzaime pakhomo pathu ndi thumba lopanda kanthu, ndidzamupatse khasu.

Pempho langa ndi ili: wa transipota yemweyu mumpatsire mpope wopoperera wa kumsana, ndipo musachedwe. Chimanga chomwe tinadzala mochedwa kudambo chikhoza kupulumuka. Dzulo tikuchokera kokapemphera, ndinayenda limodzi ndi adada. Tikulowa pakhomo anandifunsa, maso ali kumbali, ngati Msilamu wa ku boma uja mankhwala akadali nawo. Sindinawaseke. Ndinangoti ndikafunsa.

Alamu anga, mayi a Leah, akupereka moni. Adada akuti muziwerenga Mawu. Leah wayambanso kuthamanga, ndipo tsitsi likumera lakuda, kungoti mpaka lero akamadya amabisa chakudya china m'thumba la diresi, ati n'cha mawa. Ndikachipeza pochapa, ndimavala nsapato n'kubwerera kumunda kwa abusa kukaimba.

Ndine mlongo wanu,
Dyness.