Alamu a mu Laputopu

Lolemba, 3 Juni 2024
Kuzizira. Chaka chachiwiri ndili pakhomo pa achemwali a Peggy kuno ku Area 25, digiri ili m'sutikesi. Pa chakudya alamu a Ephraim ayambanso: "A digiri, lero mwaphako angati pa kompyutapo?" Ndinaseka, mano okha.

Sakudziwa kuti amene ndimamenya ndi iwo. Gemu ija ya ndewu, ya makatuni a ku Japan a maso akuluakulu, imalola kudziumbira munthu: nkhope, zovala, mphamvu. Ndinaumba awiri. Wanga, wa tsitsi losongoka ndi lupanga. Kenako mdani: dazi, mimba, ovololo yabuluu, chipsera pachibwano. Dzina, Bwana Kanengo. Mphamvu ndinamupatsa zochepa dala. Lero masana ndamuthyola mkono wamanja katatu. Mtima unaphwako.

Lachitatu, 5 Juni
Belo la fodya lagwera alamu kuntchito ku Kanengo. Mkono wamanja, wathyoka pawiri.

Ndinaphunzira sayansi zaka zinayi. Palibe kugwirizana. Ndalemba mawu amenewa, ndawawerenganso.

Lachinayi, 6 Juni
Achemwali anaona. Mwina tsiku lija ankasesa kuchipinda kwanga, laputopu ili yotsegula. Andiuza pa siteji tikudikira minibasi ya kuchipatala, maso ali kumsewu: "Chidole chija uchifufute apongozi anga asanafike Loweruka."

Mayi awo a alamu akuchokera ku Dedza. Zoti ndi gemu sadzazimva. Munthu waumba chifanizo cha mwana wawo, akuchimenya tsiku ndi tsiku, mwanayo wathyoka. Kumudzi zimenezo dzina lake ndi limodzi. Likangotchulidwa, ine pakhomo pano ndachoka, banja la achemwali nalo ligwedezeka.

Lachisanu, 7 Juni
Ndinatsegula kuti ndifufute. Gemu inafunsa ngati ndatsimikiza, poti akachoka sabweranso. Mawa m'mawa alamu alowa ku opaleshoni. Ndiwafufute lero, mawa osadzuka? Uchitsiru. Ine amene ndimaseka anthu okhulupirira zotere. Ndatseka osafufuta. Kwa achemwali ndati ndathana nazo. Bodza.

Pochapa ovololo ya alamu, achemwali apeza mapepala m'thumba. Ma CV anga atatu, opindika, a fungo la fodya. Kumbuyo alamu ankalemba ndi bolopeni maofesi amene apitako, ndi madeti. Loyamba ndi la Januwale. Sanandiuzepo. Achemwali anangowasiya patebulo panga.

Lamulungu, 9 Juni
Opaleshoni inayenda bwino. Apongozi afika dzulo ndi thumba la kachewere. Andigwira dzanja ndi manja awiri kundithokoza kuti ndikuperekera chakudya kuchipatala. Akuti "mwana wanga". Ndinayang'ana pansi, iwo n'kumati ndi ulemu.

Onse ali kutchalitchi, mapointi amene ndinasungira munthu wanga miyezi isanu ndawathira pa Bwana Kanengo. Ndamugulira mkono wachitsulo. Sindikudziwa kuti ndimapepesa kwa ndani. Laputopu tsopano ili m'sutikesi, pamwamba pa digiri.

Lachisanu, 14 Juni
Alamu anatuluka Lachitatu. Apongozi abwerera lero osamva kanthu. Ndimati ndapulumuka.

Nditabwera kowaperekeza, alamu ali pakhonde, mkono uli m'chikhakha. Achemwali anawauza zonse kuchipatala konko, akuti zinkawalemera. Alamu anati ndibweretse laputopu aone. Anayang'ana nthawi yaitali. Dazi akuti ndinalondola, koma mimba ndinawonjeza. Ndinayamba kupepesa, mawu osagwirana. Anandidula kuti belo lija analisanja okha mothamanga, ndisadzitenge ngati sing'anga. Anasekadi. Ndinatsala pang'ono kulira ndi mpumulo.

Kenako analoza manambala a pakona. Gemu imasunga kuti aliyense wapambana kangati. Ine 312, Bwana Kanengo 0.

"Ndiye kuti ine sindinapambanepo ngakhale kamodzi, alamu?"

Anafunsa kuti ndinayamba liti. Bodza lina sindikanatha. Ndinati Januwale. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene akuwerengera china chake. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Loweruka, 15 Juni
M'mawa wonse alamu akunditchula dzina langa lenileni, "a Lewis". Tiyi, "zikomo a Lewis". Dzina la a digiri silinamveke ngakhale kamodzi. Sindinkadziwa kuti ndingalisowe.

Za ma CV sindinathokoze mpaka pano. Ndayesa kawiri, ndalephera.

Panopa achemwali agogoda. Akuti alamu akundifuna pakhonde, ndipite ndi laputopu, ndikawaonetse mabatani amene munthu angadine ndi dzanja lamanzere lokha. Akufuna kumenya okha ndewu yawo.

Ndikagonja dala, adziwa. Ndikawamenyanso iwo akuona, ndiye kuti

Akuitananso. A Lewis.