Mpando wa Boti Unapita Kukachisi

Loweruka, 1 Novembala

Mpando watha. Masabata atatu, zala zonse mabala, m'mphuno utomoni wokhawokha, koma watha.

Tinjanji tiwiri ta aluminiyamu pansi m'boti, mabowo asanu ndi awiri, chikhomo chimodzi, zokolekera zinayi. Ukazula chikhomo mpando uyenda kutsogolo kapena kumbuyo. Ukatsegula zokolekera uchoka wonse. Mphindi imodzi basi. Ine bowo lachiwiri, poti miyendo anandimana. Achimwene, a Sanit, bowo lachisanu ndi chimodzi, poti iwo anatenga yonse, yawo ndi yanga.

Mpikisano wa pangalande ya kukachisi ndi Lamlungu la sabata yamawa. Boti lililonse maulendo awiri. Tinagwirizana, alamu anga, akazi awo, ali mboni: woyamba wanga, wachiwiri wawo. Zaka 19 ndikumanga injini, ndikuyesa boti m'mawa ogulitsa ndiwo a m'mabwato asanadzaze ngalande, iwo n'kukalandira chikho ndi kujambulitsa. Chaka chino akomiti alola kuti boti limodzi lizisinthana oyendetsa. Ndili ndi zaka 41. Chaka china sindidikira, chiuno chayamba kale kulankhula.

Ndayesa bowo lachiwiri masana. Mphuno ya boti sinadzuke, mpando unandigwira m'mbali bwinobwino, chiwongolero chili pomwe dzanja likufuna. Ndinakuwa ndekha pakati pa madzi. Abakha a eni ake anabalalika.

Mkuja kukadalitsa boti.

Lolemba, 3 Novembala

Kaya ndiyambire pati.

Tinafika padoko la kukachisi ndi maluwa ndi nsalu zamitundu zomanga pamphuno ya boti. Luang Pho, mkulu wa amonke athu, anatsika masitepe pang'onopang'ono atagwira msana. Anapaka timadontho toyera pamphuno, n'kuwaza madzi. Ine ndinaima chakumbuyo, monga amachitira mkazi aliyense. Kenako analoza mpando. Akuti chofiiracho n'chiyani.

Pamenepo ndiye pokomera achimwene. Anatsegula zokolekera, zimene ndawaphunzitsa dzana lomweli, n'kukwera nawo kumtunda akufotokoza kuti "tinaganiza", "tinayeza". Munthu woti ukamutuma sipanala amabweretsa pulayala. Ndiye anagwada. Anaukweza ndi manja awiri. Luang Pho anaulandira n'kuyamba kuimba madalitso. Anthu onse padoko anayankha kuti sathu, mawu ovomerezera dalitso. Pakamwa panganso panati sathu, pokha, osandifunsa.

Mwana wa zaka zisanu amadziwa. Ukagwada n'kupereka chinthu kwa mmonke ndi manja awiri, wapereka, si chakonso. Ukafuna kungoonetsa umaika pansi n'kuloza.

Tabwerera iwo atakhalira ndowa, ine pansi. Akuti, "Ndikanapereka ndi dzanja limodzi ukanati ndilibe mwambo. Komanso tapata madalitso, iwe." Ndawauza kuti Lamlungu akhalire madalitsowo.

Lachitatu, 5 Novembala

Dzulo sindinalankhule ndi munthu, ngakhale bukuli.

Alamu, a Bupha, abwera m'mawa ndi phala la mpunga ndi ulaliki. Ndinangoti mwina ndipite ndikaupemphe. Mbale inatsala pang'ono kugwa. "Wotenga cha pakachisi amadzabadwa mzukwa wotalika ngati mgwalangwa, kukamwa ngati kabowo ka singano. Ufuna zimenezo chifukwa cha pokhalira?" Ndinati kutalikako sindingakane. Sanaseke.

Kupanga wina sikutheka. Chikombole ndinachiswa potulutsa woyambawo, zokolekera zinachokera ku Bangkok, masabata awiri panjira. Ndayesa kireti ya nsomba, yomangirira panjanji ndi waya. Injini itangolusa boti linadumpha, kireti inathyoka, ine chagada m'madzi, boti lokha n'kukalowa m'namasupuni. Mayi wogulitsa nthochi zokazinga pamlatho anaomba m'manja. Tsitsi likununkhabe matope.

Chondidabwitsa, achimwene alibe nazo nkhawa. Mbale ziwiri za mpunga ndi nsomba zouma, mluzu pamwamba. Akuti, "Khomera thabwa lakale pomwe linali. Ine ndalizolowera, ndiyendetsa maulendo onse awiri, usadzivute." Thabwa lakale lili kumbuyo kwenikweni. Ndikakhalapo mapazi anga amangolendewera, safika popondera. Iwo akudziwa.

Lachinayi, 6 Novembala

Kukachisi. Ndapeza Luang Pho pansanja pawo, pa mpando wanga. Moto wofiira umene ndinajambula ndekha m'mbali, nambala ya boti lathu, 14, kumsana, anthu akugwada kutsogolo ndi mbale za chakudya. Akuti chiyambire mvula msana wawo sunapumepo chonchi. Ndinagwada, ndinawerama katatu, mumtima ndikutukwana. Tchimo linanso limenelo.

A Chaloem, oyang'anira katundu wa pakachisi, anandiitanira pambali. Njira ilipo, akuti, ya kalekale: cha pakachisi chimatuluka ukabweretsa china m'malo mwake, amonke n'kuvomereza pamaso pa anthu. "Choposa, mwana wanga, osati chofanana. Ndipo woweruza ndi msana wa Luang Pho."

Ndazungulira msika wonse dzuwa lili pamutu. Mipando ya pulasitiki. Masofa a mitengo yoti ungagule injini. Wogulitsa wina anandionetsa mpando wa muofesi wamatayala, ndinaona m'maganizo Luang Pho akutsetsereka pansanja mpaka pamasitepe, ndinathokoza n'kuchoka.

Pobwerera ndakumbukira bambo wometa uja anatseka shopu chaka chatha. Mpando wawo wachitsulo uli kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo. Andipatsa, ine ndiwakonzere pampu ya madzi. Mazira awiri ndabwera nawonso.

Lachisanu, 7 Novembala

Kuyambira m'mawa pa mpando wometera. Injini sindinaikhudze, pomwe ikufuna manja. Kupala dzimbiri, mafuta atsopano m'chopopera, chikopa chofiirira, kuchapa katatu kuti fungo la nkhuku lichoke. Kulemera kwake ng'ombe. Tanyamula anthu anayi pa boti la aneba, panatsala zala ziwiri kuti madzi alowe.

Luang Pho anakhalapo, nkhope yokayika. A Chaloem anaponda chopondera. Mpando unakwera. Anapondanso, unakweranso. Mmonke sayenera kukhala motsika kuposa munthu wamba, ndiye apa akalowa munthu wamtali ungoponda kawiri, mmonke ali pamwamba. Anaseka mpaka nkhama kuoneka. Akuti autsitse, aukwezenso. Kasanu. Kenako anaugoneka chagada. Anatseka maso, tinkati akusinkhasinkha, kufikira mkonono utayamba. Tadikira pa maondo theka la ola.

Avomera. Amonke onse avomera, anthu amva. Wanga ubwera mawa, akuti akufuna autsanzike bwino.

Ndalira pang'ono pobwerera, ndanamizira mphepo. Achimwene mluzu uja watha.

Loweruka, 8 Novembala

Wabwera. A Chaloem aunyamula okha pamutu, utaphimbidwa ndi nsalu yoyera. Kuvundukula: timadontho toyera kumsana, zilembo zopatulika pokhalira penipeni, golide womata, ulusi wodalitsidwa pa zokolekera zonse zinayi. Luang Pho achita zimenezi chifukwa chosangalala. Anagwira ntchito m'mawa wonse, akuti.

Ndinatambasula dzanja. Alamu anandigwira mkono. "Mpando umene akhalapo Luang Pho masiku asanu, zilembo zawo zili pomwepo, ukhalepo iwe mkazi?" A Chaloem anayang'ana pansi n'kugwedeza mutu kuvomereza.

Sindinatsutse. Chowawa n'chakuti nanenso ndikudziwa kuti sindingathe. Atachoka onse ndinaima pafupi ndi mpandowo. Ndinadziuza kuti ndi utomoni umene ndinasakaniza ndekha m'chitini cha mkaka. Miyendo inakana.

Achimwene nkhope yawala ngati yodzola mafuta. "Basi, ndiyendetsa onse awiri. Pa mpando umenewu angandipose ndani?" Akuuza aliyense wodutsa pangalande, ngakhale wotolera zinyalala. Anthu ayamba kale kubetcha pa 14.

Ndaukoleka pa bowo lawo. Injini ndaikonza, ikulira bwino kuposa kale lonse, n'zimene zikundipweteka kwambiri. Sabata yathunthu ndagwirira ntchito matako a anthu ena.

Sindikufuna kupita mawa. Ndipita. Injini ikavuta kulira ailiza ndani.

Lamlungu, 9 Novembala, padoko

Ndikulembera pa bondo.

Ulendo woyamba watha. Achimwene analowa m'boti anthu akuwaimbira m'manja. Anaima kutsogolo kwa mpando, anauweramira. Anatembenuka, anayamba kukhala. Anaimira panjira. Anasuzumira zilembo zija pakati pa miyendo, anayang'ana kunsanja, kumene Luang Pho anali atapopedwa mpaka pamwamba pa mpando wometera uja, akuwayang'ana iwo ndi chimwemwe. Anayesanso. Zinakanika. Mbendera inatsika matako ali m'malere, ngati munthu amene wapeza chimbudzi cha pamsika chili chauve.

Mamita mazana anayi chonyonyomala. Boti uku ndi uku. Omaliza. Linawadutsa ngakhale boti la mphunzitsi wina wopuma ntchito, limene limafuka ngati akuwotcha udzu wauwisi. Obetcha pa 14 akulankhula mawu oti sanganenedwe pafupi ndi kachisi.

Anabwerera osayang'ana munthu. Anatsegula okha zokolekera n'kuunyamula. Poika palibe. Pansi pali matope ndi mapazi a anthu, m'boti sakuufunanso. Ausenza pamutu, aima nawo m'madzi ofika m'maondo, mpaka pano.

Sanandiuze kuti pita. Sindinafunse. Ndapinda thumba la mpunga pakati pa njanji, chikhomo ndalowetsa kumbuyo kuti zala za kumapazi zipeze potsamira. Ndiyendetsa chogwada. Ndikagwa ndigwa, madzi ake ndinawalawa kale.

Achimwene anandiitana, khosi lili njo chifukwa cha katunduyo. "Lamyai. Za manja awiri zija sikunali kuiwala ayi, ndinachita dala. Ndimakuona m'mawa uliwonse ndili pakhonde, wotchi ili m'manja ndikuwerenga nthawi yako. Ndinaopa kuti undiposa anthu akuona." Ndinafuna kuwagenda ndi sipanala. Ndinafunanso kulira, zonse nthawi imodzi. Ndangoti, gwirani bwino achimwene, mungagwetse cha Luang Pho.

Mafuta athira. Ndili ndi mantha. Pa chimkuzamawu akuitana 14, kachiwiri tsopano. Alamu akundikoka malaya, akuti siya kulemba, 14 ndiwe