Chowinda cha Hansa

Ilford, London
25 Meyi 1983

Okondedwa achemwali anga a Miriam,

Kalata yanu ya mu Malichi ndinalandira, mundikhululukire kuti ndachedwa kuyankha. Ndikhulupirira kuti nonse ku Lusaka muli bwino. Ine ndilipo, ndikuyendetsabe basi ku galaja komwe kuja, ndipo mwana wanu Jenny akukonzekera mayeso. Munafunsa ngati ndayamba kuzolowera. Papita miyezi isanu ndi iwiri yokha chimwalirire mlamu wanu Hansa, sindinganame kuti ndazolowera. Koma lero sindikulemba za chisoni. Ndikulemba ndili wokwiya, ndipo ndilibe wina womuuza.

Pali nkhani imene sindinakuuzenipo. Mukukumbukira mu 1974 pamene Jenny anagonekedwa m'chipatala ku Edmonton, madokotala atatiuza kuti tiyembekezere chilichonse? Nthawi imeneyo Hansa anawinda, monga amachitira anthu a chipembedzo chake cha Chihindu. Analonjeza kwa mulungu wawo wamkazi, amene amamutcha Mataji, kuti mwana akachira adzakwera phiri wopanda nsapato kukapereka kokonati ndi nsalu yofiira ku kachisi, ndiponso kuti sadzalawa tiyi mpaka atakwaniritsa. Ku India sitikanatha kufika, koma kuli kachisi wina pa phiri ku Wales kumene anthu awo amapita pa basi chaka ndi chaka m'mwezi wa Juni.

Jenny anachira. Hansa sankafuna kupita yekha. Mukudziwa kuti abale ake anamukana kuyambira tsiku limene anakwatiwa ndi ine ku Limbe, ndiye ankati sangakhale pakati pawo maola asanu popanda mwamuna wake pambali. Chaka chilichonse ankandiuza tsiku la ulendo, ndipo chaka chilichonse ine ndinkapezeka kuti ndili pa shifti. Achemwali, mashifti amenewo ndinkachita kuwapempha ndekha. Ndinkaopa kuti anzathu a kutchalitchi amva zoti Flywell wakagwadira mafano. Iye sanandifunsepo chifukwa chake. Zaka zisanu ndi zitatu ankandiphikira tiyi m'mawa, iye n'kumamwa madzi otentha. Anapita asanamulawe.

Mwezi watha ndinafunsa Mai Lalita, mnzake wa Hansa wa ku Limbe komweko, amene ankagwira naye ntchito yosoka kuno, ngati chowinda chimafa ndi mwini wake. Anati ayi, chimatsala m'nyumba, ndipo munthu wa m'nyumbamo akhoza kukachipereka. Anandiuza kuti ndibwere ku msonkhano wokonza ulendo wa chaka chino.

Msonkhanowo unali Lamlungu lapitali masana, mu holo ina kuno ku Ilford. Ndinavala suti. Wapampando wa komiti ndi Kantibhai, mchimwene wake wa Hansa, yemwe uja ankaima kuseri kwa kauntala m'sitolo ya bambo ake. Imvi zamera, koma pakamwa ndi pomwe paja. Anakambirana ola lathunthu: basi inyamuke sikisi koloko m'mawa, ndani aphike chapati, ndani atenge mafulasiki, okalamba akhale kutsogolo chifukwa kumbuyo amasanza. Masiku atatu ulendo usanafike munthu asadye nyama kapena dzira, asamwe mowa, ndipo lamba wachikopa atsale kunyumba. Ankalankhula chinenero chawo, Mai Lalita n'kumandinong'oneza m'Chichewa, ine n'kumalemba zonse m'kabuku kanga.

Atafika polemba mayina ndinaimirira, n'kupempha mipando iwiri, wanga ndi wa Jenny.

Kantibhai anayankha m'Chichewa, kuti onse ochokera ku Malawi amve bwino. "Mtsikana abwere, ndi magazi athu. Koma iwe Flywell, mipando yatha."

Akuti iwe. Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Mlongo wake ndinakhala naye zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo atasiya kudzuka ndinkamusambitsa ndi manja angawa. Iye kuchipatala anabwera kamodzi, osavula ndi jasi lomwe.

"Pa pepala lanulo ndikuonapo mizere isanu ndi umodzi yopanda mayina," ndinatero.

"Imeneyo ndi ya anthu a ku Leicester."

"A ku Leicester ali ndi basi yawo, Kanti," anatero Mai Lalita. "Kapena wayamba kusungira malo mizimu?"

Ena anaseka, Kantibhai sanaseke. Ananong'onezana ndi anzake, kenaka anatembenuka akumwetulira ngati wandipezera mwayi. Anati kampani yobwereketsa mabasi ikhoza kuwapatsa basi yopanda dalaivala motsika mtengo ngati iwo ali ndi wawo wa laisensi. Anthu anakweza manja kuvomera. Ndiye anati, "Iwe laisensi uli nayo, utiyendetse. Tikafika ife tidzavula nsapato n'kuzisiya m'basi. Iwe udzatsala m'munsi kulonda."

Achemwali, taganizani. Bambo athu anakalambira pakhonde la sitolo ya anthu amenewa akupalasa makina osokera, ndipo m'nyumba yakuseri sanapondemo mpaka imfa yawo. Ine ndawoloka nyanja, ndakwatira mwana wawo, ndamulira, kuti nanenso andikhazike pakhonde kulonda nsapato?

Ndinafuna kutuluka. Chimene chinandigwira n'chakuti basi imeneyi imapita kamodzi pa chaka, ndipo ndaiphonya kale kasanu n'katatu. Ndinakhala pansi, ndinawerenga maola pa zala, ndinaimiriranso.

"Ndiyendetsa," ndinatero. "Koma poti inu mumadziwa za sitolo, ine ndimadziwa za basi, mumve mmene ntchito yathu imayendera. Kupita ndi maola asanu, kubwerera asanunso. Pakati pakepo dalaivala ayenera kupuma, ndipo zimalembedwa. Kulonda katundu ndi ntchito, si kupuma. Mukandilondetsa nsapato, madzulo sindidzagwira chiwongolero. Mudzagona ku Wales nonse, ndi okalamba omwe."

"Ndiye upumire m'basi momwemo," anatero Kantibhai.

"Nthawi yopuma ndi yanga, alamu. Ngakhale bwana wa ku galaja sandiuza kokapumira. Ine ndidzapumira pamwamba pa phiri."

"Nanga nsapato zathu?"

"Basi ili ndi loko, kiyi adzakhala m'thumba mwanga. Mukadzatsika msanga mudzandidikira."

Mai Lalita analanda pepala lija n'kulemba dzina langa. Kantibhai ananena zambiri m'chinenero chawo, ndipo zimenezo palibe anandimasulira. Koma manja anali atakwezedwa kale, sakanabweza.

Musaganize kuti ndasangalala. Ndikupita monga wantchito wawo, pamene Hansa ankafuna kuti ndikhale pambali pake monga mwamuna wake, abale ake onse akuona. Mpando umenewo unalipo zaka zonse zija, ndinaukana ndekha. Ndikamakwiyira Kantibhai, nthawi zina sindidziwa ngati ndikukwiyira iye yekha.

Tidzanyamuka Loweruka pa 18 Juni, tchuthi ndapempha kale. Nsalu ndagula, Mai Lalita akuipinda m'mphepete. Mapazi anga anafewa ndi nsapato za kuno, ndiye ndikaweruka ndimayenda wopanda nsapato pa timiyala ta kuseri kwa fulati. Mayi woyandikana nafe akuganiza kuti maliro andisokoneza mutu. Jenny amayenda nane, amadandaula m'Chingerezi koma sabwerera. A Harry, mkulu wa mpingo wathu, ndawauza ndekha asanamve kwa ena. Anati adzandipempherera. Ndinati zikomo.

Ndikadali mkhristu, achemwali, ndipo mawu oti ndikanene pamwambapo sindikuwadziwa. Ndikangoika zinthuzo pamene adzandilozere, n'kutchula dzina la Hansa ndi la mwana. Ngati mukuona kuti ndikulakwa, pempho langa ndi limodzi: mudzandidzudzule mu Julayi, nditabwerako.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Bonaventure ndi ana onse. Jenny akupereka moni, akuti chithunzi adzatumiza akatha mayeso. M'makalata onse amene ndakulemberani chifikireni kuno, apa ndi pamene Hansa ankandilanda cholembera kuti aike moni wake. Ndazindikira kuti dzanja langa lamusiyira kale mpata m'munsimu. Ndiusiya momwemo.

Ndine mlongo wanu,
Flywell