Akuti Ndidikire Nzimbe Zithe

Aphungu,

Mundipirire, kalatayi ndailemba masiku anayi. Sukulu ndinasiya ndili ndi zaka khumi, chaka chomwe tinafika kuno ku Mackay kuchokera kwathu ku Malta, chifukwa anandiika kukhitchini kuti ndiziphikira anthu odula nzimbe. Lero ndili ndi zaka 71, ndipo ndatopa.

Ine ndi a Salvu tinakhala m'banja zaka 49. Munda wa nzimbe unali wa bambo awo, ndipo chikalata cha malo chili m'dzina la a Salvu okha. Nyumba imene ndikukhalamo ili pakati pa munda womwewo. Ndinalereramo ana anayi. Thalakitala ndinayendetsa zaka makumi awiri, msana wangawu ndiye mboni.

Atakalamba, a Salvu anapeza mayi wina kukalabu kumene nkhalamba zimagubuduza mipira pa kapinga, n'kusamukira kutauni. Banja anakalithetsa kukhoti okha. Ine sindinapite, manyazi. Chikalata chitabwera ndinachipinda osawerenga n'kuchiika kuseri kwa chithunzi cha Amayi Maria. Dzana ndi pamene ndinachitulutsa. Chikuti banja linatha pa 14 Novembala chaka chatha.

Za nyumba tinangogwirana chanza pakhonde. Anati, "Carmena, nyumbayi ndi yako mpaka adzakutulutsemo m'bokosi." Ine ndinati, "Lembani zimenezo." Anaseka. "Ndilembe, uwerenga ndi maso a ndani? Dikira nzimbe zithe."

Mukudziwa nokha mmene zimakhalira kuno. Fakitale ya shuga ikayamba kugaya nzimbe mu Juni, palibe amakamba nkhani. Ukwati, opareshoni ya bondo, mkangano wa malire, zonse zimadikira. Ine ndadikira nzimbe moyo wanga wonse, ndiye sindinaone chachilendo. Zinatha mu Disembala, anati madzi osefukira awasokoneza. Kenaka kubzala. Kenaka Juni uja wabweranso. Chaka chino mvula yachedwetsa kudula, akuti amaliza cha ku Khirisimasi.

Lamlungu potuluka m'tchalitchi mlamu wanga Pawla, mchemwali wawo wa a Salvu, anandikokera pambali. Anati, "Iwe, mutu uli nawo? Lachiwiri ndaona anthu oyeza malo kumunda kuja. Salvu ameneyo ndinakula naye ine. Lonjezo lake lili ngati chitumbuwa cha pastizzi cha m'sitolo, kunja kokongola, ukaluma mphepo yokhayokha. Ndipo ndamva kuti khoti lili ndi nthawi yake."

Ndinawaimbira foni a Salvu. Anati, "Iwe ndi Pawla mwasowa chochita? Makina afa, nzimbe zili chiimire, ndiye uzindiuza za maloya? Khirisimasi ikapita tikhala pansi."

Aphungu, sindikufuna kumenyana ndi munthu amene ndinamuchapira zaka zonsezi. Munda wonse sindikuufuna. Ndikungofuna kudzafera m'nyumba yanga. Kodi ndidikire Khirisimasi?

C.D., Mackay

Mayi C.D.,

Musadikire. Khoti silitsatira nyengo ya nzimbe.

Mlamu wanu anamva zoona. Banja likatha kukhoti, muli ndi miyezi khumi ndi iwiri yokha yokapereka pempho logawana chuma. Yanu ikutha pakati pa Novembala, ndipo mwatsala ndi masabata asanu ndi limodzi. Tsikulo likadutsa, muyenera kuyamba mwapempha chilolezo kwa woweruza, n'kumusonyeza kuti muvutika akapanda kukumverani, ndipo akhoza kukana. Njira ina ingakhale yoti a Salvu avomere okha. Mukufuna denga lanu litsamire pamenepo?

Sindikudziwa ngati bambowa akuchenjera kapena ndi ulimi chabe. Koma munthu amene anadziwa njira yakukhoti yekha akhoza kudziwanso tsikuli. Lonjezo la pakhonde lija silingaletse aliyense kugula malowo pamodzi ndi nyumba.

Sabata ino tengani chikalata chija mupite nacho kwa loya wa nkhani za mabanja. Ngati m'thumba mulibe, kuli maofesi othandiza anthu pa milandu mwaulere. Mupite ndi Pawla, pakamwa pake patithandiza. Musanakhale pansi n'komwe, tchulani 14 Novembala, loyayo akuwerengereni tsiku lenileni lomaliza. Mutchulenso anthu oyeza malo aja, chifukwa pali njira zoletsera kuti malo asagulitsidwe nkhani isanathe.

Loyayo adzalembera a Salvu, ndipo kawirikawiri pamayamba pakhala mkhalapakati. Mukagwirizana, zimalembedwa n'kutumizidwa kukhoti kuti lidinde, inu osakaima pamaso pa woweruza. Akapitiriza za makina akufa, pempho lanu lilowe tsikulo lisanafike. Nkhani yonse siyenera kutha pofika Novembala ayi. Ikhoza kutenga chaka kapena kuposa, ndipo ambiri amagwirizana panjira. Chofunika n'chakuti mulowe chitseko chisanatsekedwe.

Sindikulonjezani nyumbayo. Zoti malowo anachokera kwa bambo awo, khoti lidzaziganizira. Koma lidzaganiziranso ana anayi, zaka makumi awiri za pa thalakitala, msinkhu wanu ndi kumene mungakhale mawa. Dzina limodzi pa chikalata cha malo silifafaniza zimenezo. Ndipo kupempha kuti lonjezo lilembedwe si ndewu. Ngati a Salvu ananena zoona pakhonde paja, kusaina sikuwatengera nthawi yoposa yomwera tiyi.

Chenjezo langa ndi ili. Musasamuke m'nyumbamo, ndipo pepala lililonse limene angabwere nalo musasaine loya wanu asanakuwerengereni mokweza, pang'onopang'ono, mpaka mutamva. Ndikudziwa kuti mwatopa, amayi, ndipo mwadikira nzimbe kuyambira muli ndi zaka khumi. Koma nzimbe mukaidula imaphukanso. Tsiku ili likadutsa siliphuka.

Aphungu