Juzi ya Feliya m'Mwezi Wotentha

Lolemba, 7 Okutobala 2024
Dzuwa loswa mtengo. Kuthirira nazale ya fodya. Feliya, mwana wanga, mu juzi, thukuta kamukamu. Kusukulu wakananso, akuti mutu. Ndam'kalipira. Amake akanakhala moyo akanadziwa pofunsira.

Lachinayi, 10 Okutobala
Mlongo wanga Esitere wafika kuchokera ku Njombwa. Anadzitsekera m'chipinda ndi mwanayo. Potuluka: "Achimwene, bere lina lakula kuposa linzake. N'chifukwa chake juzi."
Amake zinayambira pomwepo. Chotupa, kubisa, kenako mochedwa.
Nazale sindinathirire.

Lachisanu, 11 Okutobala
Ku Boma, kuchipatala. Feliya pakaliyala ya njinga yanga, Esitere pakabaza. Njira yonse mwana atagwira malaya anga kumsana ngati kale ali wamng'ono.
Ine panja pamtengo, malo a amuna. Kenako adokotala, mayi wachitsikana, anandiitanitsa. "Chotupa palibe, bambo. Pa msinkhu uwu lina limatsalira. Mwina adzalingana, mwina ayi."
Analemba m'buku lake lakuchipatala: mbali ya berelo, kukula kwake, za matenda a amake, kenako chilembo N ndi manambala. Ndinafunsa, ngati si matenda, nambala n'njachiyani? Akuti wodzamuona ulendo wina adziwe pomwe tayambira. Tidzabwerenso mvula ikatha.
Ndinawafunsanso za chotupa. Anayankha chimodzimodzi, osatopa.

Loweruka, 19 Okutobala
Esitere wabwerera kwawo, wandisiyira ntchito: kugula kamisolo wamkati, woti Feliya adzasokeremo kansalu mbali imodzi. Ine pakaunjika, bambo wa imvi. Kuzungulira mulu, kugwira masokosi. Mayi wogulitsa: "Nenani bambo, sitiluma. Saizi yanji?" Ndinaloza ndi chibwano. Anaseka mpaka misozi, nandisankhira awiri.

Lamulungu, 27 Okutobala
Mawa kusukulu, Feliya wanena yekha.
Madzulo tikupalira nazale, osayang'anana. Ndinamufunsa ngati anzake ankamuseka. Ayi, palibe ankadziwa n'komwe.
"Ndimabisira inuyo, ababa. Ndimaopa mudzasiyanso kudya ngati nthawi ya amayi."
Kamwana ka fomu 1, kulera ine.
Ndinangoti udzu wachuluka mbali iyi. Anasendera pafupi, tinazulira limodzi mpaka kunada.